Chiwindi chikauma, bwanji mafupa ndiwo akuthyoka?

M'makope anu a Bayoloje, chiwindi chili ndi masamba ake, mafupa ali ndi awo. Chiwindi mumakumana nacho pophunzira kagayidwe ka chakudya ndi kuchotsa zoipa m'thupi, pomwe mafupa amabwera pa mutu wa kayendedwe. Ngakhale pa mayeso a MSCE, funso la chiwindi limakhala palokha, la mafupa palokhanso. Ndiye ndikafunsa ana a Fomu 3 kapena Fomu 4 kuti, "Kodi matenda a chiwindi angachititse munthu kuthyoka mwendo?" ambiri amayamba aseka kaye. Ena amati mwina ngati wodwalayo wagundidwa ndi minibasi popita kuchipatala.

Komatu thupi silidziwa kuti silabasi inagawidwa m'mitu. Munthu amene chiwindi chake chawonongeka kwa zaka zambiri amathyoka mafupa mosavuta kuposa mnzake wa zaka zofanana naye, ndipo akathyoka, kuchira kwake kumavuta. Madokotala ali ndi dzina la vutoli, hepatic osteodystrophy, kutanthauza kuwonongeka kwa mafupa kobwera chifukwa cha chiwindi. Dzinalo lisakuvuteni. Ine ndikufuna tiyende limodzi m'njira imene imachokera ku chiwindi kukafika ku fupa, chifukwa m'njiramo mudutsa khungu, matumbo, impso ndi ubongo, ndipo mitu imene mumaloweza payokhapayokha iyamba kulumikizana.

Kuuma kwa chiwindi n'kutani?

Chiwindi chili kumanja, kunsi kwa nthiti, ndipo mwa munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Amene munathandizapo kusenda mbuzi mukuchidziwa: chofiirira, chosalala, chofewa moti chala chimalowa mosavuta. Cha munthu wathanzi chimakhalanso chotero. Chili ndi luso limene ziwalo zambiri zilibe, loti chikavulala chimameranso. Madokotala atha kudula gawo lalikulu, chotsalacho n'kukula kubwezeretsa. Koma lusoli lili ndi malire. Chikamavulazidwa tsiku ndi tsiku kwa zaka 10, 20 kapena 30, m'malo mwa maselo atsopano mumayamba kubwera zipsera, ngati chipsera cha bala la moto pakhungu. Zipserazo zimalumikizana, n'kuzinga timagulu ta maselo amoyo, mpaka chiwindi chonse chimasanduka cholimba, cha timibulumibulu ngati kunja kwa chipatso cha mpoza.

Matendawa kuchipatala amati cirrhosis. Dzinali analipereka mu 1819 dokotala wa ku France, René Laennec, potengera liwu la Chigiriki la mtundu wachikasu chofiirira umene ankaona pa ziwindi za anthu omwalira. Ndi yemweyo amene anatulukira stethoscope, kachida kaja dokotala amakuikani pachifuwa pomvetsera mtima. Ife pano tiziti kuuma kwa chiwindi. Kuuma kwake n'kwa mkute, osati kwa chitsime: si kuti madzi atha, koma kuti chinthu chofewa chalimba.

Chiwindi chikauma pamachitika zinthu ziwiri, ndipo zonse muzisunge chifukwa tibwereranso. Choyamba, maselo ogwira ntchito amachepa, ndiye zonse zimene chiwindi chimapanga zimachepa nawo. Chachiwiri, magazi ochokera m'matumbo, amene amalowa m'chiwindi kudzera mu mtsempha waukulu wotchedwa portal vein, amavutika kudutsa m'zipsera muja. Amadzazana kumbuyo ngati magalimoto a pa Ginnery Corner nthawi yoweruka. Kudzazanako kumatupitsa kapamba, kumathandiza kuti madzi adzaze m'mimba, ndiponso kumatupitsa timitsempha ta kunsi kwa mmero, timene tikaphulika munthu amasanza magazi.

Kuno ku Blantyre, chimodzi mwa zoumitsa chiwindi zazikulu ndi kachilombo ka hepatitis B. Kamafala kudzera m'magazi, pogonana, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana pobadwa, komanso pakati pa ana aang'ono kudzera m'tizilonda. Chochititsa chidwi n'chakuti msinkhu umene munthu wakatengera ndiwo umanena tsogolo lake. Wamkulu akakatenga, kawirikawiri thupi limakagonjetsa lokha, ndipo osakwana 5 pa 100 alionse ndi amene amatsala nako. Koma mwa makanda amene akatenga, pafupifupi 9 pa 10 alionse amakhala nako moyo wonse, mwakachetechete, osamva ululu uliwonse, mpaka ena mwa iwo chiwindi chimayamba kuuma ali ndi zaka 30 kapena 40.

Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome, amene malo awo ali pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chija agogo amati ku Gulupu, anayeza magazi a anthu masauzande angapo ku Ndirande, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2022. Mwa akuluakulu, pafupifupi 5 pa 100 alionse anapezeka nako kachilomboka. Mwa ana obadwa katemera atayamba, anapezeka pafupifupi 3 okha pa 1,000. Katemerayo analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'Malawi mu 2002, mkati mwa jakisoni uja woteteza matenda asanu amene khanda limabayidwa lili ndi masabata 6, 10 ndi 14. Tawerengani zaka zanu: amene muli ku sekondale pano munabadwa 2002 itadutsa. Koma makolo anu, amalume ndi azakhali, anabadwa katemerayu kulibe. Choncho nkhani ya leroyi, ikafika m'nyumba mwanu, mwina idzafikira kudzera mwa iwo.

Chachiwiri ndi mowa, ndipo apa sindikufunika kukuuzani zambiri, mumaona nokha anthu amene amayamba kachasu dzuwa lisanakwere. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti, koma mowa woopsa womwewo unabwerera m'timabotolo totchipa. Pali hepatitis C, palinso mafuta odzazana m'chiwindi mwa anthu onenepa kwambiri kapena odwala shuga. Likodzo la m'matumbo, losiyana ndi lija lokodzetsa magazi, nalo limasiya zipsera m'chiwindi, koma zipsera zake zimazinga mitsempha n'kusiya maselo ambiri akugwirabe ntchito. Ndiye wodwala likodzoli amatha kutupa kapamba ndi kusanza magazi, chiwindi chake chikupangabe zinthu bwinobwino. Si cirrhosis yeniyeni, ngakhale kunja zimafanana.

Fupa si mwala

Tisiye kaye chiwindi, tione fupa. Pali kafukufuku wotchipa amene mungachite kunyumba. Sungani mafupa awiri a ntchafu ya nkhuku, muwatsuke. Limodzi muliviike mu viniga m'botolo lotseka kwa sabata imodzi, mukusintha vinigayo pakatha masiku awiri kapena atatu. Linalo mulitenthe pa mbaula ya makala, panja, mpaka litayera ngati phulusa. Pakutha pa sabata, la mu viniga lija lidzapindika ngati labala, osathyoka. Lotenthedwalo mukangolifinya ndi zala lidzanyenyeka.

Chachitika n'chiyani? Fupa lili ndi zinthu ziwiri zolukana. Pali puloteni yonga ulusi yotchedwa kolajeni, ndipo pali mchere wolimba wa kashiamu ndi fosifeti umene umamatirira pa ulusiwo. Asidi wa mu viniga wasungunula mcherewo n'kusiya kolajeni. Moto watentha kolajeni n'kusiya mchere. Amisiri omanga nyumba zosanja mu Victoria Avenue amatsata nzeru yomweyi pothira konkire pa zitsulo: simenti yokha imasweka, chitsulo chokha chimapindika, koma ziwirizi zikaphatikizana nyumba imaima.

Kusiyana kwake n'kwakuti fupa ndi lamoyo, ndipo ntchito yomanga siitha. Mkati mwake muli magulu awiri a maselo. Lina ndi la ogumula, ma osteoclast, amene amakumba timaenje m'fupa lakale kapena long'aluka. Lina ndi la omanga, ma osteoblast, amene amabwera pambuyo kudzayala kolajeni watsopano n'kuthira mchere. Mwa munthu wamkulu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mafupa onse limasinthidwa chaka chilichonse. Mafupa amene aphunzitsi anu akuyendera lero si omwe ankayendera zaka 10 zapitazo.

Fupa lilinso ndi ntchito ina imene anthu ambiri amaiwala. Kashiamu 99 pa 100 wa m'thupi ali m'mafupa ndi m'mano. Kotsalako, kochepa kwambiri, kali m'magazi ndi m'maselo ena, koma popanda iko mtima sungagunde bwino, minofu singakokeke, ndipo mitsempha ya uthenga singagwire ntchito. Thupi silingalole kuti kashiamu wa m'magazi atsike. Akayamba kutsika, tiziwalo ting'onoting'ono ta pakhosi totchedwa parathyroid timatumiza homoni yolamula kuti akatengedwe m'mafupa. Ndimakonda kuyerekeza ndi banki mkhonde ya amayi a m'dera lanu. Anthu akamaponya sabata iliyonse, bokosi limalemera ndipo ngongole zimatuluka popanda vuto. Koma onse akamangobwereka osabweza, bokosi limaoneka lomwelo, maloko ake atatu ali pomwepo, mkati mulibe kanthu.

Ogumula akamapambana omanga kwa zaka zambiri, fupa limakhala ndi mabowo ambiri ndi makoma opyapyala. Awa ndiwo matenda a osteoporosis. Ali ngati chiswe mu phaso la denga, kunja mtengo uli bwinobwino, tsiku la mphepo wangoti phwa. Amayambira m'malo amene fupa mwachibadwa lili ngati siponji mkati: timafupa ta msana, khosi la fupa la ntchafu pamene limalowa m'chiuno, ndi mkono pafupi ndi dzanja.

Pamene ziwirizi zimakumana

Tiyambe ndi vitamini D, chifukwa ulendo wake ndi wosangalatsa. Dzuwa likawomba khungu, kuwala kwa mtundu wa UVB kumasintha kanthu kena kofanana ndi kolesitolo kukhala vitamini D. Koma vitamini D ameneyu sanayambe kugwira ntchito. Amapita kaye ku chiwindi kukasinthidwa koyamba, kenako ku impso kukasinthidwa kachiwiri, ndipo akatuluka ku impsoko ndi pamene amatha kulamula matumbo kuti ayamwe kashiamu wa m'chakudya. Zili ngati chikalata chofunika masitampa awiri, cha sitampa imodzi sichilandiridwa. Ndiponso puloteni imene imanyamula vitamini D m'magazi imapangidwa ndi chiwindi chomwecho.

Wina afunsa kuti, "Nanga kuno ku Blantyre dzuwa lake ili, munthu angasowe bwanji vitamini D?" Funso labwino. Wodwala chiwindi amene wafooka amakhala m'nyumba tsiku lonse, atafunda. Chakudya sichimukomera. Ndipo pali nkhani ya ndulu. Chiwindi chimapanga ndulu, imene imaphwanya mafuta a m'chakudya kukhala timadontho ting'onoting'ono, monga sopo amachitira ndi mafuta a pa mbale. Mavitamini A, D, E ndi K amasungunuka m'mafuta okha, ndiye ndulu ikachepa m'matumbo, mavitaminiwa amangodutsa n'kupita kuchimbudzi. Mafuta osagayikawo amakolanso kashiamu n'kutuluka naye. Vitamini K mumamudziwa pa nkhani ya kuundana kwa magazi, koma ma osteoblast amamufunanso pokonza puloteni ina ya m'fupa yotchedwa osteocalcin.

Apa ndikuchenjezeni, chifukwa ophunzira ambiri akamva za vitamini D amaimira pomwepo n'kumati basi, mupatseni wodwala mapiritsi a vitamini D nkhani ithe. Ayi ndithu. Ofufuza atayang'ana mafupa a odwala cirrhosis, anapeza kuti ambiri vuto lawo lalikulu si kusowa simenti, koma kuti amisiri omanga agona. Chiwindi ndicho chimapanga gawo lalikulu la homoni yotchedwa IGF-1 imene imayenda m'magazi. Homoni ya kukula yochokera ku pituitary, kachiwalo ka kunsi kwa ubongo, imalamula chiwindi, chiwindi n'kutulutsa IGF-1, ndipo IGF-1 ndi imene imadzutsa ma osteoblast ndi kukulitsa minofu. Chiwindi chikauma, uthengawo umathera panjira.

Mahomoni a uchembere nawonso amasokonekera. Mwa abambo testosterone amatsika, mwa amayi msambo umatha kusiya nthawi isanakwane. Mahomoni amenewa ndi mabuleki a ma osteoclast, n'chifukwa chake amayi amene asiya kusamba mafupa awo amayamba kufooka msanga. Bambo wa zaka 40 wodwala cirrhosis akhoza kukhala ndi mafupa onga a agogo. Onjezanipo kuti thupi la wodwalayu limakhala lotupa mkati nthawi zonse, ndipo timauthenga ta kutupako, monga TNF ndi interleukin-6, timalimbikitsa ogumula. Bilirubin, chija chimasandutsa maso kukhala achikasu, chaonetsedwa mu labu kuti chimafooketsa ma osteoblast. Ndipo ngati choumitsa chiwindicho ndi mowa, mowawo pawokha ndi poizoni kwa maselo omanga fupa, usanadutse n'komwe m'chiwindi. Omanga achepa, ogumula achuluka. N'chifukwa chake m'kafukufuku wosiyanasiyana wa m'maiko ena, pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse a matenda aakulu a chiwindi amapezeka ndi osteoporosis.

Koma fupa lofooka silithyoka lili pa mphasa. Pamafunika kugwa, ndipo mbali imeneyi, kwa ine, ndi imene anthu amaipeputsa kwambiri. Chiwindi chathanzi chimasunga shuga ngati glycogen, kuti usiku tikagona thupi lizitapa pamenepo. Chiwindi chouma nkhokwe yake ndi yaing'ono, ndiye usiku umodzi wokha wosadya thupi limayamba kuphwanya minofu kuti lipeze mphamvu, zimene munthu wathanzi zimamuchitikira atakhala masiku angapo ndi njala. Miyendo ndi mikono imawonda, mimba yodzaza madzi ili patsogolo, kulemera kwa thupi kwasamukira kumene miyendo sinazolowere. Kumbukiraninso zija munaphunzira za deamination, kuti chiwindi chimasintha ammonia kukhala urea. Chikalephera, ammonia amafika ku ubongo. Poyamba zimaoneka zazing'ono: munthu amachedwa kuyankha, amagona masana n'kukhala maso usiku, manja amanjenjemera, phazi silikwera sitepe pamene diso lalozera.

Tsopano muikeni munthu ameneyu m'tauni yathu. Blantyre si mzinda wa chidikha. Ine ndikatsika njira zina za ku Ndirande kapena ku Bangwe nthawi ya dzinja, ndili wathanziwathanzi, ndimachita kugwira mipanda ya eni. Miyala, ngalande, dothi lofiira loterera. Mankhwala ena amene wodwala amapatsidwa kuti madzi a m'mimba achepe amamukodzetsa pafupipafupi ndipo amatha kumuchititsa chizungulire akadzuka msanga. Ena, ochotsa ammonia, amamutsegula m'mimba mwadala. Chimbudzi chili panja, ndi usiku, magetsi azima. Simukufunika minibasi kuti fupa lithyoke.

Kafukufuku wambiri akaphatikizidwa amasonyeza kuti odwala cirrhosis amathyoka mafupa pafupifupi kawiri kuposa anthu ena. Pa fupa la m'chiuno kusiyanako n'kokulirapo. Kafukufuku wina wa mu 2018, wogwiritsa ntchito zolemba za zipatala za ku England ndi ku Denmark, anapeza kuti anthu a cirrhosis yobwera ndi mowa ankathyoka fupa la m'chiuno kuposa kasanu poyerekeza ndi anzawo, ndipo mwa othyokawo, omwalira pasanathe mwezi analinso ochuluka.

Bwanji kuthyoka kumakhala koopsa chonchi? Chiwindi ndicho chimapanga mapuloteni ambiri oundanitsa magazi, ndipo kapamba wotupa uja amasunga ma platelet ambiri m'malo mowasiya aziyenda. Ndiye opaleshoni yoika chitsulo m'fupa imakhala ndi chiopsezo cha kutaya magazi, mankhwala ogonetsa amachedwa kuchoka m'thupi, ndipo mabala amalowa tizilombo mosavuta. Mkono utha kuikidwa chikhakha munthu n'kupita kwawo. Ntchafu ndi chiuno ndi nkhani ina. M'Malawi muno madokotala a opaleshoni ya mafupa ndi ochepa, moti anthu ambiri othyoka amathandizidwa ndi ma clinical officer a mafupa, amene maphunziro awo anayamba m'zaka za m'ma 1980. Kwa nthawi yaitali, njira yofala yothandizira ntchafu yothyoka yakhala yomangirira mwendo ku chinthu cholemera kuti uzikokedwa, wodwala ali chigonere pabedi masabata ambiri. Fupa limatha kulumikizana, inde. Koma kugona masabata onsewo kumadyanso minofu ndi mafupa, chifukwa fupa limalimba likamasenza katundu. Kwa munthu amene minofu yake inatha kale, ndi ngongole pamwamba pa ngongole.

Pali kuthyoka kwina kumene sikumveka n'komwe. Kafupa ka msana kofooka kamatha kungophwanyika pang'onopang'ono, kutsogolo kwake n'kutitimira, munthu akunyamula ndowa ya madzi kapena kungotsokomola. Ambiri sadziwa kuti athyoka. Amangoti msana ukupweteka, akuwerama, malaya akutalika. Ndipo apa ndi pamene ngozi ina imalowera, ya pa okala. Msana ukamapweteka, wina amatumidwa, kawirikawiri mwana wa sukulu ngati inu, kuti akagule Brufen kapena Indocid. Kwa munthu wa chiwindi chouma mankhwala a gulu limeneli, kuphatikizapo diclofenac ndi aspirin, atha kuwononga impso ndi kuyambitsa kutaya magazi m'mimba. Ngakhale Panado, amene madokotala amalola kwa odwalawa, amamulola pa mlingo wochepa kuposa wa anthu ena. Mukatumidwa choncho, ndipo mukudziwa kuti amalume ali ndi vuto la chiwindi, nenani mwaulemu kuti, "Amalume, bwanji tikafunse kaye ku chipatala?" Mankhwala azitsamba osadziwika mlingo nawonso amakathera m'chiwindi momwemo.

Mankhwala a hepatitis B ali ndi nkhani yawo imene ndikufuna muimve bwino, musaitenge theka. Mankhwala aakulu olimbana ndi kachilomboka ndi tenofovir, omwenso ali m'piritsi la ma ARV limene anthu ambiri a HIV amamwa m'Malawi. N'zoona kuti mtundu wa tenofovir wofalawu umachepetsako pang'ono kulimba kwa mafupa, makamaka m'chaka choyamba kapena chachiwiri. Koma kuchepako n'kochepa poyerekeza ndi zimene chiwindi chouma chimachita, ndipo mankhwalawa amatha kuimitsa kuwonongeka kwa chiwindi, mwa ena zipsera n'kucheperako ndithu. Choopsa kwambiri ndi kusiya. Munthu wa hepatitis B akasiya tenofovir mwadzidzidzi, kachilombo kamatha kudzuka mwamphamvu, chiwindi n'kulephereratu m'masabata ochepa. Wina akadzamva pa WhatsApp kuti "ma ARV amadya mafupa" n'kufuna kusiya, inu mukhale woyamba kumuletsa.

Mankhwala olimbitsa mafupa aliponso, monga alendronate, amene amachepetsa liwiro la ma osteoclast. Koma piritsi lake limatha kupsereza kummero, ndipo mwakumbukira timitsempha totupa tija? Ndiye dokotala amayamba waganizira kaye za mmero asanalembe mankhwala a fupa. Mwaona mmene mitu ikulowererana?

Za chakudya, uphungu wakale unkati wodwala chiwindi asamadye zomanga thupi zambiri poopa ammonia. Madokotala anausiya uphungu umenewu ataona kuti ukungomaliza minofu ya odwala. Lero amati adye zomanga thupi zokwanira, nyemba, soya, mazira, nsomba, adye pang'onopang'ono kangapo pa tsiku, ndipo asagone ndi mimba yopanda kanthu. Kaphala ka mtedza kapena ka soya asanagone kamateteza minofu usiku wonse. Mtedzawo ukhale wosankha bwino, wopanda chuku, chifukwa poizoni wa chuku, aflatoxin, akakumana ndi hepatitis B amakweza kwambiri chiopsezo cha khansa ya chiwindi. Amene ali ndi madzi m'mimba amauzidwa kuchepetsa mchere, ndiye nsomba zouma zothira mchere wambiri zimafunika kuviika kaye. Mowa, ngakhale wa pa ukwati, ayi.

Nanga inu?

Mwina mukuti zonsezi n'za akuluakulu. Koma bokosi la banki mkhonde lija, nthawi yoponya ndi ino. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mchere wonse wa m'mafupa a munthu wamkulu limaikidwa m'zaka ziwiri zokha zozungulira nthawi imene mwana amakula mothamanga, ija mathalauza a yunifolomu amafupika teremu iliyonse. Pofika zaka 18 mpaka 20 mumakhala mutasonkhanitsa pafupifupi 90 pa 100, ndipo zaka 30 zisanakwane kuponya kumatha. Kuchokera apo n'kungosamala zimene zilipo. Anthu awiri atadwala chiwindi mofanana ali ndi zaka 45, amene analowa ndi mafupa olemera amatenga nthawi yaitali asanafike pothyoka.

Zoponyamo zake sizodula. Mkaka ndi chambiko zili ndi kashiamu wambiri, koma si nyumba iliyonse imakwanitsa tsiku ndi tsiku. Usipa, bonya ndi matemba ang'onoang'ono a mu msika wa Limbe, amene timadya ndi minga ndi mitu yomwe, ndi gwero lalikulu la kashiamu kwa Amalawi ambiri. Ku ma boarding ndimamva ena amanyoza bonya kuti n'za osauka, n'kumasirira chambo, chonsecho minga ya chambo timailavula. Bonongwe, chigwada ndi mpiru zimawonjezera kashiamu ndi vitamini K. Ndipo fupa limafuna kugwedezedwa: mpira wa miyendo, netiboli, fulaye, jingo, kukwera phiri la Soche kapena la Ndirande, ngakhale kuyenda wapansi kupita ku sukulu. Phazi likamenya pansi, maselo a m'kati mwa fupa amamva kugwedezekako n'kuitana omanga. Fodya ndi mowa pa msinkhu uno zimachita zosiyana ndi zimenezo.

Pa hepatitis B, funsani amayi ngati kabuku kanu ka kusikelo kakadalipo, muone ngati majakisoni atatu aja analembedwa onse. Ngati m'banja mwanu wina anapezeka ndi kachilomboka, kapena wina anamwalira ndi mimba yotupa ndi maso achikasu, a m'nyumbamo ndi abale ake a bere limodzi ayenera kukayezetsa magazi. Kuyezako n'kwa kadontho ka magazi, ndipo amene wapezeka alibe kachilombo koma sanabayidwepo akhoza kulandira katemera ngakhale ali wamkulu.

Ndipo ngati muli kale ndi wodwala chiwindi pakhomo, pali ntchito zina zoti mwana wa Fomu 2 angathe. Ikani tochi pafupi ndi pomwe amagona. Chotsani miyala ndi zingwe m'njira ya kuchimbudzi, kapena usiku pakhale chidebe m'chipinda. Mmawa muwatulutse akaothere dzuwa pakhonde, ayendeko pang'ono pabwalo wina atawagwira mkono. Kulimba kwa mafupa kumayezedwa ndi makina otchedwa DXA, amene sapezeka m'zipatala zing'onozing'ono, koma pali muyeso wina wongofuna pensulo ndi rula. Aimikeni pa felemu la chitseko, opanda nsapato, chidendene chitagunda thabwa, muike buku pamutu n'kulemba mzere ndi deti. Bwerezani pakatha miyezi 6, kenako chaka. Ngati mzere watsika ndi masentimita 2 kapena kuposa, kapena ngati munthuyo wafupika ndi masentimita 4 poyerekeza ndi mmene analili ali wachinyamata, madokotala amatenga zimenezo ngati chizindikiro choti mwina kafupa ka msana kaphwanyika. Lembani manambalawo pa kapepala, mukaike m'kabuku kawo ka kuchipatala, ndipo tsiku la kiliniki akauze dokotala kuti aone ngati pakufunika X-ray ya msana.